ZA MAPU AKALE A DZIKO LA KWA KALEMBO

Mafumu, akulu ndi abale onse a Msonkhano wathu,

Ndipempha kuti pa kukomana kwathu kulinkudza tikambepo za mapu akale, pakuti mirandu ya minda yacuruka, ndipo nkhalamba zodziwa malire zirinkutha.

M'caka ca 1946 Boma la Angerezi linakhazika oyesa maiko, a Directorate of Colonial Surveys, amene anajambula dziko lino ali m'ndege. M'zithunzizo munaturuka mapu a muyeso wa 1:50,000, ndiko kunena kuti masentimita 2 papepala ndiwo kilomita imodzi pansi. Pamenepo munthu aona Shire poturuka m'nyanja ya Malombe, mseu wa ku Mangochi wopyola pa Ulongwe, phiri la Chinguni kutsidya, ndi timadontho takuda tosonyeza nyumba za anthu.

Timadonthoto ndito ndifuna. Midzi ina ya m'tsinde mwa mapiri inasamuka kutsata mseu, ina inacotsedwa pamene nkhalango ya Liwonde inapatulidwa kukhala ya nyama m'caka ca 1973. Pamene panali mudzi patsala mitengo ya mango ndi manda. Pamene cinkalira cigayo, amai atandanda ndi madengu a cimanga kuyambira mbandakuca, patsala simenti yokha, ndipo ana athu apyolapo osadziwa kanthu.

Koma tisanyengedwe kuti pepala lidziwa zonse. Ndege iona denga, siidziwa mwini wace. Munda wogonera iuyesa thengo. Dzina la mtsinje analilemba mlendo monga linamveka m'khutu mwace, ndipo maina a Ciyao sacedwa kupotoka pa cala ca mlendo. Tsono lamulo la malo a makolo la m'caka ca 2016 lilola munthu kulembetsa malo ace; ndipo tsiku limene wina adzafika pabwalo ndi pepala, mnzace ali ndi pakamwa pokha, ndiopa kuti wapakamwayo adzagwa, angakhale agogo ace agona pomwepo.

Cifukwa cace nditi, tisonkhe ndalama, titume anthu awiri kwa oyesa malo a Boma akagule mapepala a dera lathu. Otumidwawo akumbuke kuti kufikira 1998 tinali m'boma la Machinga, limene dzina lace lakale ndilo Kasupe. Asafunse za Balaka yekha. Akabwera, tidzayale mapuwo pamphasa pamaso pa mafumu ndi agogo, amai omwe, tilembepo mabwinja, zitsime, manda ndi zigayo, ciri conse ndi dzina lace leni leni.

Yense wakudza ku msonkhano atenge nkhalamba ya m'mudzi mwace.

Ine wanu,
Mlembi