Tsiku Limene Aphunzitsi Amatibwezera Ana Athu

Amayi anzanga, nyengo yachisanu ikafika kuno ku Chigwa cha Shire, madzi ataphwera m'madimba ndipo thonje litayamba kupita kumsika, m'sukulu za sekondale mumamveka nyimbo zotsanzikana. Ana a Fomu 4 amasonkhana pamodzi ndi aphunzitsi awo ndi anzawo a makalasi apansi, nadyera limodzi, nalankhula mawu otsiriza asanalowe m'chipinda cha mayeso a MSCE. Kuyambira ku Chikwawa, kudzera ku Nchalo ndi m'midzi ya Mfumu Yaikulu Lundu, mpaka ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, mwambo umenewu wafika pozolowereka. Ambiri a ife timauyesa wa ana okha. Timapereka ndalama ya phwando, tigula diresi, basi tatha. Koma tsikuli ndi lathunso, pakuti ndilo tsiku limene aphunzitsi amatibwezera ana athu.

Takumbukirani mwambo wa makolo. Namwali akatha kulangizidwa, anamkungwi samusiya panjira. Amamuperekeza kwa eni ake, ndipo eniwo amamulandira ndi nthungululu, nathokoza anamkungwi ndi nkhuku kapena lichero la ufa. Ndi mayi wanji amene angatenge khasu kupita kudimba pa tsiku lotere? Nanga bwanji mphunzitsi amene wasunga mwana wathu zaka 4, kumuphunzitsa, kumudzudzula ndi kumulimbitsa mtima, timamusiya kuti atsanzikane naye ife kulibe?

Ana amene akutsanzikana zaka zino sanaphunzire pamtendere. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mu Januwale 2022 kunadza namondwe Ana, ndipo mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe Freddy. Shire, Ruo ndi Mwanza anasefukira, misewu inaduka, mabuku ananyowa, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Madzi atatsika, aphunzitsi ndiwo anatsegulanso zitseko ndi kuyamba kuthamangitsa maphunziro amene anatsalira. Ena mwa iwo kwawo ndi kumtunda kozizira, koma anazolowera dzuwa lathu ndi udzudzu wathu chifukwa cha ana a eni. Anthu otere ayenera kumva zikomo wochokera m'kamwa mwathu.

Ndipo taganizani za mtsikana amene wafika pa tsikuli. Chiyambire 1998, pamene boma linakhazikitsa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, ana athu ambiri amayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, ena pansi, ena panjinga. Ena amachita kubwereka kachipinda pafupi ndi sukulu ndi kumadziphikira okha. Mwa anzake amene anayamba nawo Sitandade 1, ambiri anatsala m'njira, ena ali kale ndi ana kumbuyo. Iye wapirira. Akaimirira kuti atsanzike, maso ake adzafunafuna nkhope ya mayi ake m'khamulo. Asaisowe.

Choyamba tsono, tipiteko, ndipo tiphunzitse mwana kutsanzika mwaulemu. Mphatso ya mphunzitsi siyenera kukhala yaikulu. Nkhuku, mbale ya mbatata za kudimba, ngakhale mawu okha onenedwa ndi mtima wonse, zikwanira. Mwana abweze mabuku onse a sukulu, pakuti alipo ang'ono ake amene akuwadikira. Ngati panali mphunzitsi amene anamulakwira, apite akapepese asanachoke. Tsiku lina adzafuna kalata ya umboni wa khalidwe lake pofunsira ntchito kapena malo a maphunziro, ndipo wolemba kalatayo ndi mphunzitsi wamkulu yemweyo. Kwa anzake otsala asiye makope ake akatha mayeso. Kwa anzake a m'kalasi asiye mtendere, ngongole zing'onozing'ono zibwezedwe, ndi mikangano ya m'kalasi ithere pomwepo. Akulu anati lende nkukankhana. Mnzake wa pa benchi limodzi angadzakhale namwino womulandira kuchipatala cha boma ku Chikwawa, kapena womuuza kumene kwatuluka mwayi wa ntchito.

Chachiwiri, tisalole kuti mwambowu usanduke mpikisano wa zovala. Sikoyenera kugulitsa mbuzi kapena kutenga katapila chifukwa cha diresi ndi tsitsi za tsiku limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana wa mayi wamasiye amene alibe chovala chatsopano amabisala kunyumba ndi manyazi, chonsecho ndiye mwina wanzeru koposa m'kalasimo. Ife amene tili m'makomiti a makolo tinene poyera kuti yunifolomu yochapa bwino ndi yosita ndi chovala cholemekezeka. Tipemphenso kuti zonse zithe dzuwa lisanalowe, ndipo mwana aliyense abwerere kwawo ndi kholo lake. Zovina za usiku zawonongetsa ambiri atafika kale pakhomo. Paja kutsanzikana si satifiketi. Mayeso akadali patsogolo, ndipo masabata otsalawo mwana achepetseredwe ntchito za kumjigo ndi kumtondo kuti awerenge.

Chachitatu ndicho chachikulu. Mayeso akatha, bungwe la MANEB limatenga miyezi iwiri kapena itatu lisanatulutse zotsatira. M'miyezi imeneyi mulibenso belu, mulibenso mphunzitsi woitana maina m'mawa. Mwana ali m'manja mwathu tokha. Ndiyonso nyengo imene ndalama zimayenda m'chigwa muno, pakuti thonje lagulitsidwa ndipo nzimbe zikudulidwa ku Nchalo. Ofunsira mbeta amayamba kuzungulira, ndipo kumabanja kumene kuli mwambo wa malowolo, achibale ena amayamba kuwerengera ng'ombe. Tidziwe kuti lamulo la maukwati la 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma ngakhale mtsikana atakwanitsa zakazo, palibe chothamangira. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tikambirane ndi abambo kunyumba ndi atsibweni ake kuti nkhani ya banja iyambe yadikira, mwana aone kaye chimene wakolola.

Njira yomusungira si kumutsekera m'nyumba ayi. Timupatse chochita chimene chili ndi phindu lake. Timudulire chigawo cha dimba chakechake, alime chimanga, nyemba kapena tomato, ndipo ndalama yake isungidwe ya ulendo wa maphunziro. Aphunzire makina osokera kwa mmisiri wodalirika. Madzulo athandize ang'ono ake a Sitandade 8 masamu ndi Chingerezi, kuti iyenso mutu wake usachite dzimbiri. Mnyamata nayenso tisamuiwale. Kupalasa kabaza kapena kugwira ganyu si chamanyazi, koma tidziwe kumene ndalama yake ikupita, ndi amene akucheza nawo kumsika.

Zotsatira zikafika, tizimvetse tisanalire kapena kuvina. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9, ndipo yaing'ono ndiyo yabwino. Kuti mwana alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo limodzi mwa iwo alikhoze ndi 6 kapena kutsika apo. Ku yunivesite amafuna kuti onse 6 akhale otero. Amene sanafike pamenepo asataye mtima. Kuli sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, kumene atsikananso amaphunzira zamagetsi, zomangamanga ndi zosoka. Wolephera angathe kubwereza ndi kulembanso chaka chotsatira. Ngakhale amene anatenga pathupi asanamalize, kuyambira 1993 boma limalola kuti abwerere kusukulu akabereka.

Nanga pa zonsezi tidzafunsa yani? Mafomu ofunsira malo, masiku otsekera kulandira makalata, maphunziro oyenera mwana wathu, odziwa zake ndi aphunzitsi omwe aja. Mayi amene anapita kukathokoza sadzachita manyazi kugogoda pakhomo pawo. Safunsa anadya phula. N'chifukwa chake potsanzikana sitimenyetsa chitseko, timangochibweza pang'ono.

Ambiri a ife tinalowa sukulu mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, koma ochepa tinafika pa tsiku lotsanzikana la Fomu 4. Ana athu afikapo. Kalata yoitana makolo ikabwera, tisaipinde n'kuiika pansi pa mphasa. Tichape chitenje chathu, titenge mnzathu woyandikana naye nyumba, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tipite tikalandire ana m'manja mwa aphunzitsi ndi manja awiri.