Opaleshoni ya maso ya leza: zomwe zaka 30 zaonetsa pa vuto la astigmatism

Papita zaka zoposa 30 chiyambire madokotala kukonza maso ndi kuwala kwa leza, ndipo funso lomwe odwala oyamba sankalandira yankho lake tsopano layamba kuyankhika: kodi maso amakhalabe bwino zaka zikadutsa?

Astigmatism ndi vuto lomwe limadza pamene cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, sikali kobulungira mofanana mbali zonse koma kofanana ndi dzira. Munthu wotere amaona mwachimbuuzi zinthu zapafupi ndi zapatali zomwe. Leza amapala kachikopako kuti kalingane. Njira yotchuka kwambiri ya LASIK, yomwe Ioannis Pallikaris wa ku Greece adaitchukitsa cha m'ma 1990, idavomerezedwa ndi bungwe la FDA ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Njira ya SMILE idaloledwa kumeneko pa astigmatism mu 2018, choncho mbiri yake ikadali yaifupi.

Kwa ambiri zotsatira zake ndi zabwino. Kafukufuku wa PROWL, yemwe FDA idatsogolera ndipo adasindikizidwa mu 2017, adapeza kuti anthu oposa 95 mwa 100 alionse adakhutira ndi mmene ankaonera. Komabe, mwa anthu omwe maso awo sankauma asanachitidwe opaleshoni, pafupifupi 28 mwa 100 alionse adayamba kudandaula za kuuma kwa maso patatha miyezi itatu. Kafukufukuyu adangotsatira odwala kwa miyezi yochepa. Wa zaka khumi, monga wa Jorge Alió ku Alicante m'dziko la Spain wa mu 2008, adaonetsa kuti vuto limabwererako pang'onopang'ono, makamaka kwa omwe maso awo adali ofooka kwambiri, ndipo ena adachitidwanso opaleshoni kachiwiri.

Astigmatism ili ndi chovuta chakechake, chifukwa imatsata mzere winawake wa diso. Leza akaphonya mzerewo ndi madigiri 15, pafupifupi theka la astigmatism limatsalabe. Akaphonya ndi 30, vutolo silichepa konse. Diso limazungulira pang'ono munthu akagona chagada, n'chifukwa chake makina amakono amalondola kayendedwe kake. Chinanso n'chakuti mzerewu umasintha wokha munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 40, ndipo palibe leza yemwe angaletse zimenezi. Pa msinkhu womwewu pafupifupi aliyense amafuna mandala owerengera. Otsatsa malonda omwe amalonjeza kuti munthu adzataya mandala mpaka kalekale sanena mbali imeneyi.

Choopsa chachikulu, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi kufooka ndi kutupa kwa cornea, komwe Theo Seiler adakulongosola mu 1998 ndipo kumatha kuonekera patapita zaka. Nthawi zambiri kumagwera anthu omwe adali kale ndi chiyambi cha matenda a keratoconus, omwe poyamba amaoneka ngati astigmatism wamba. Izi zikukhudza chigawo chino cha Africa, komwe matenda oyabwa maso ndi ofala pakati pa ana, ndipo kutikita maso kwa zaka zambiri kumayendera limodzi ndi keratoconus. Kujambula mapu a cornea opaleshoni isanachitike ndiye njira yodziwira amene sayenera kuchitidwa.

Anthu omwe amapita ku South Africa kapena ku India kukachititsa opaleshoniyi amakumana ndi vuto lina akabwerera kwawo, popeza dokotala yemwe adawachita amatsala kutali. Akadzakalamba n'kudwala ng'ala, kuwerengera mphamvu ya lenzi yoika m'diso kumavuta ngati cornea idapalidwapo, ndipo miyezo ya diso ya opaleshoni isanachitike imathandiza dokotala watsopano. Wodwala ayenera kuipempha ndi kuisunga.

Mu 2021 maiko omwe ali m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO adagwirizana zokweza ndi mapointi 40 chiwerengero cha anthu othandizidwa bwino pa mavuto a maso ofuna mandala pofika 2030. Ndondomeko ya SPECS 2030, yomwe idakhazikitsidwa mu 2024, yatsamira pa mandala, omwe anthu ochuluka m'midzi ya m'chigawo chino sanawapezebe.