Kodi uthenga wa gcc mumauwerenga?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi dandaulo. Sabata yatha mnyamata wina yemwe ndinkamuphunzitsa mu fomu 4 anabwera kunyumba ndi laputopu yake atakhumudwa. Pulogalamu yomwe amalemba inkakana kumangika, ndipo anzake anamuuza kuti afufute Linux yonse n'kuikanso. Zoona zimenezi?

Nditayang'ana, uthenga unali poyera: relocation R_X86_64_32, recompile with -fPIC, pamodzi ndi dzina la fayilo ya .a yomwe yavuta. Yankho linali pamaso pake, iye osawerenga.

Nkhani yake ndi iyi. Shared library, ija ya .so, imatha kuikidwa pa adiresi ina iliyonse mu memory pulogalamu ikamayamba. Code yomangidwa popanda -fPIC imasunga ma adiresi okhazikika a 32-bit, ndipo pa makina a 64-bit adiresi yeniyeni singakwanemo. Pa makompyuta akale a 32-bit zinkangodutsa, n'chifukwa chake enafe tinazolowera ulesi.

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi aja amangoti "onjezera -fPIC" osanena kuti pati. Kuiika pa lamulo lomaliza lolumikiza mafayilo sikuthandiza kanthu. Library ya .a ija ndiyo iyenera kumangidwanso. Yambani ndi make clean, kenako CFLAGS=-fPIC poyendetsa configure. Mukadumpha make clean, mafayilo akale a .o amatsala ndipo uthenga uja umabweranso.

Tinatero, mphindi khumi zokha zinakwana. Akanamvera anzakewo, ntchito ya teremu yonse ikanapita, poti kope lina analibe.