Gumbagumba akakula kuposa nyumba

Bambo wina wa m'dera la Domwe wagulitsa magumbagumba ake awiri. Anali mabokosi aatali kufika m'chiuno, amene akulu ake anabwera nawo kuchokera ku Joni. Pa nthawi ya nkhondo anawathawitsira ku Dedza pa njinga, ndipo mtendere wa 1992 utakhazikika anabwera nawonso kumudzi. Koma mai a m'nyumbamo anatopa nawo. Chipinda chochezera nchaching'ono, pokolola mbatatesi matumba amasowa poika, ndiponso batire ya sola ikatha ndi nyimbo za madzulo ana amawerenga ndi koloboi. Tsopano bamboyo akufuna timasipika toika pa shelefu, ndipo ndalama ya mbatatesi ili kale m'thumba.

Vutoli si la ku Angónia kokha ai. Ku maiko a azungu kuli masipika aatali ndi opyapyala ngati chitseko, otchedwa planar, monga a kampani ya Magnepan ya ku America. Alibe bokosi, mau amatulukira kutsogolo ndi kumbuyo komwe, motero amafuna kuima pafupifupi mita imodzi kuchoka pa khoma. Eni ake akasamukira m'nyumba yaing'ono amachita zomwe wachita bambo wa ku Domweyu.

Munthu asanyoze sipika chifukwa cha msinkhu. Cha m'ma 1975 a BBC anakonza kasipika kotchedwa LS3/5A, kotalika masentimita 30 okha, kuti akatswiri awo adzimvera mau a muulutsi ali m'galimoto yopanikizana ya wailesi. Mpaka lero kakupangidwabe, ndipo anthu amakakonda chifukwa mau a munthu amamveka ngati ali pompo. Mtengo wake si wa mlimi, koma nzeru yake ndiyo yofunika: bokosi laling'ono lopangidwa bwino limakwanira m'chipinda chaching'ono.

Pali zinthu ziwiri zimene wogulitsa sanena. Choyamba, kasipika kakang'ono sikagunda pamtima ngati gumbagumba. Mau a besi ndi a ng'oma amafuna kukankha mpweya wambiri, ndipo kambale kakang'ono sikangafanane ndi mbale yaikulu. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene mai a m'nyumba aja angakhumudwe, kuchepa kwa sipika sikutanthauza kuti idya moto pang'ono. Kawirikawiri sipika yaing'ono imafuna mphamvu yambiri kuti ifike pa phokoso limene yaikulu imafika mosavuta. Kumbuyo kwake kapena pa katoni pamalembedwa nambala ya dB. Ya 87 dB imafuna mphamvu kawiri kuposa ya 90 dB kuti zimveke mofanana. Kwa munthu wa magetsi a EDM ku Ulongwe zimenezi nzachabe, koma wodalira batire asankhe ya nambala yokwera.

Nanga nambala zikuluzikulu zija za pa makatoni a ku msika wa Lizulu ndi ku Calomue, zoti 2000 W kapena 5000 W PMPO? Zimenezo nzokopera maso basi. Nambala yokhulupirika ndi yolembedwa RMS. Wailesi wamba ya m'galimoto yoyendera batire ya 12 V imapereka mawati osapitirira 20 mbali iliyonse, ndipo amenewo amadzaza chipinda mpaka anansi kudandaula. Wogula aonenso nambala ya ohm. Ampulifaya yolembedwa 8 ohm ikalumikizidwa ku masipika a 4 ohm imatentha, mwina kupsa kumene. Ena amamanga masipika awiri a 8 ohm pa waya mmodzi osadziwa kuti apanga 4.

Poyesa, wogulitsa amathamangira kukweza voliyumu ndi nyimbo yogunda kwambiri, pakuti phokoso limabisa zilema. Wogula wochenjera apemphe kuti atsitse, ndipo atsegule nkhani kapena mauthenga a maliro. Ngati dzina la mudzi ndi la mfumu zikumveka bwino mau ali pansi, sipikayo njabwino. Ngati muulutsi akumveka ngati akulankhulira mu mtsuko, aisiye pomwepo. Kenaka aike nyimbo imene khutu lake likuidziwa, kaya ya Alleluya Band kaya ya malemu Lucius Banda, ndipo agogode bokosilo ndi chala. Lolira ngati chitini chopanda kanthu lidzalira chomwecho kunyumba.

Akafika nawo kwao, awakhazike pa msinkhu wa khutu la munthu wokhala pa mpando, motalikirana pang'ono, pafupi ndi khoma kuti khomalo liwonjezere besi imene yatayika ija. Waya wofiira apite pofiira mbali zonse ziwiri, kupanda kutero besi imathawa. Asawaike pansi, pakuti chinyezi cha dzinja chimafufumitsa matabwa a utuchi, ndipo makoswe amakonda pepala la mkati.

Chimene bambo wa ku Domwe sanachiwerengere nchakuti magumbagumba aja ankabwerekedwa pa zinkhoswe ndi pa maukwati, ndipo ankabweretsa kandalama ka sopo miyezi ya chilimwe. Timasipika ta pa shelefu sitingaimbe pa bwalo. Amene anagula mabokosiwo ndi mnyamata wa mudzi woyandikana nawo, ndipo anthu ayamba kale kupita kwa iyeyo.