Nkhani ndinagula ndine, phindu anadya wina

 Sabata ino ndikulemba ndili kwathu kwa Ndamera, m'boma la Nsanje, kumene Malawi amathera. Ukangodutsa pa Marka ndiye kuti walowa m'dziko la eni, ku Mozambique. Dzuwa lakuno si losewera nalo, moti ndikulemba thukuta lili kamukamu, koma nkhani ndili nayoyi siyoti n'kudikira kuti kuzizire.

Lero ndikufuna ndidziulule ndekha. Paja amati wamisala anaona nkhondo, ndiye musandiseke msanga, mwina mwa inu alipo amene akuchita zomwe ndinkachita ine.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti geni yanga ndi ya mafuta ophikira, sopo, mchere ndi tina n'tina tomwe timapikula kutsidya kwa malire. Tina ndimagulitsa konkuno pa Mtowe, tina ndimakwera nato ku Limbe. Geni yotere moyo wake uli pa mtengo wa ndalama. Kwacha ikatsokomola, ife a m'malire ndi amene timayamba kudwala chimfine.

Ndiye mu 2023 anabwera mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anandigulira foni yaikulu ija yopalasa ndi chala. Atandipatsa anati, "Amalume, munthu wa bizinesi masiku ano sadikira nkhani za pa chitsime. Mulembetse kuti nkhani zizikupezani pafoni pompo." Ine n'kuona kuti mwanayu wayankhula zanzeru.

Tsiku lomwelo anandilembetsa zinthu zitatu. Choyamba, nyuzipepala ya konkuno ku Malawi yomwe imabwera yathunthu pafoni, tsamba ndi tsamba, monga zikuchitira nyuzipepala zikuluzikulu masiku ano. Chachiwiri, kalata ya nkhani za malonda yomwe imafika pa imelo m'mawa uliwonse. Chachitatu, kalata ina ya ku Joni komweko ya chizungu chokhachokha, yokamba za ndalama za maiko. Iyi ankalipira ndi iyeyo, ine n'kumamubwezera. Zinazo ndinkalipira ndekha kudzera pafoni, mwezi ndi mwezi, osaphonya. Ndikamayenda pamsika ndinkayenda monyang'wa ngati mkulu wa banki.

Koma kuwerenga? Eee, apo ndiye panali nkhani. M'mawa ndimati ndiwerenga ndikayala katundu. Ndikayala, kasitomala wafika. Masana ndimati ndiwerenga ndikadya nsima. Ndikadya, tulo. Madzulo foni yatha moto, ili kotchaja. Usiku ndikaitenga, chala chimathamangira ku WhatsApp ndi Facebook kukaona mavidiyo a anthu ovina ndi mikangano ya mpira. Ndimvekere, "Mawa ndiwerenga zonse pamodzi." Mawa lakelo silinafike. Makalata anaunjikana mufoni ngati matumba a chimanga osathira mankhwala.

Tsiku la tsoka linali Lachinayi pa 9 November 2023. M'mawa kunatulukira mnyamata wina wa ku Boma ndi kagalimoto kake. Sanachite zambiri. Anangofunsa mtengo wa katoni ya mafuta, ine n'kutchula mtengo wa masiku onse. Iye osanenerera ngakhale pang'ono. Anati, "Madala, muli nawo angati? Ndipatseni onse." Ndinamupatsa makatoni 14 onse, ndi sopo yemwe. Chifukwa cha chimwemwe ndinamuikira ndi basela. Popita kunyumba ndinagula nkhuku, n'kuwauza mayi a kunyumba kuti lero Mulungu watiyendera.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita pa Marka kuti ndikasinthe ndalama ndikapikule katundu wina. Nditatchula mtengo umene ndinazolowera, anyamata osintha ndalama anangoyang'anana n'kuphulika chiphwete. Wina anati, "Bambo, kodi mumakhala kudzenje? Simunamve kuti kwacha yagwa?"

Abale, Reserve Bank inali italengeza Lachitatu pa 8 November kuti kwacha yatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti kuyambira m'mawa mwake. Dola imodzi yomwe kubanki inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700. Mitengo ya pamalire nayo inadumpha. Ndalama za makatoni 14 zija sizinakwanenso kugula makatoni 14. Nditakhala pansi pa mtengo n'kutsegula foni, ndinapeza nkhani yonse ili momwemo, mutu wake wa zilembo zikuluzikulu, itafika Lachinayi m'mawa mnyamata uja asanaimitse n'komwe galimoto yake. Inali m'thumba la malaya anga pamene ndinkamuthandiza kukweza makatoni.

Mnyamatayo sindimuda. Iye anamva, ine sindinamve. Sanandibere. Ndinadzibera ndekha. Nkhani ndinagula ndine, phindu anadya wina.

Nditafika kunyumba n'kufotokoza, mayi a kunyumba sanakalipe. Anangoti, "Bambo, kodi munthu angagule mankhwala n'kuwaika pansi pa pilo, n'kumati achira?" Mawu amenewo amandilasabe mpaka lero.

Zinandikumbutsa kale lija. Achinyamata a lero sangamvetse njala ya nkhani imene tinali nayo. Mu March 1992 mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yotchuka ija, boma la nthawiyo linati kupezeka nayo ndi mlandu. Komabe anthu ankaiwerenga mobisa, kuipatsirana ngati mankhwala a mutu. Pofika nthawi ya riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, nyuzipepala zinaphuka ngati bowa, zoposa 20. The Nation inayamba mu 1993 momwemo. Kuno kwathu, kumene panthawiyo kunali kutadzaza abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, nyuzipepala inkafika pa basi patapita masiku, itachita fumbi la msewu wa Bangula. Koma ikafika! Munthu mmodzi wodziwa sukulu ankakhala pakati, enafe kumuzungulira. Ankawerenga mokweza, kumasulira m'Chisena, anthu n'kumatsutsana mpaka dzuwa kulowa. Nyuzi imodzi inkadutsa m'manja mwa mudzi wonse. Ikatha ntchito, inkakulunga mandasi kapena kupichirira fodya wa agogo.

Nthawi imeneyo nkhani zinali zochepa, nthawi inali yambiri. Lero nkhani zachuluka ngati mchenga wa mu Shire, nthawi ndiyo yasowa. Ndipo pepala lija linali ndi ubwino umodzi: ukaligula limakhala pabenchi n'kumakuyang'ana, mphepo ikaomba limakupiza ngati likukuitana. Za pafonizi zimabisala. Zimangolira kamodzi kuti "ting", basi, kenako zimakwiririka pansi pa mauthenga a maliro, a zinkhoswe ndi a ngongole.

Tsono tiyeni tiwerengere ngati anthu a geni. Nkhani ya pafoni umailipira kanayi. Koyamba, ndalama yolembetsera. Kachiwiri, bandulo, yomwe nayo ili ndi tsiku lake lothera, uigwiritse ntchito usaigwiritse. Kachitatu, kutchajitsa foni, poti si tonse tili ndi magetsi kapena sola kunyumba. Kachinayi ndi nthawi yako. Ukalipira zitatu zoyambazo n'kukana kulipira chachinayi, ndiye kuti zonse wataya m'madzi. Kodi ndani mwa inu angapikule dengu la tomato n'kuliika pansi pa benchi mwezi wathunthu osalivundukula? Nkhani nayo imaola, abale. Ya Lachinayi ukaiwerenga Loweruka ndi tomato wophwanyika.

Mwina wina anena kuti, "Ndiye bwanji osangosiya zolipirazo, poti pa WhatsApp nkhani n'zaulere?" Ayi, pamenepo ndikana. Zaulere zija n'zimene zimatipweteka. Kangati tamva mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika akuti mawa mafuta a galimoto akwera, kapena akuti malire atsekedwa, ife n'kuthamanga kukweza mitengo kapena kutaya katundu motchipa, kenako n'kupeza kuti linali bodza? Mtolankhani weniweni ali ndi dzina, ali ndi ofesi, akanama mutha kukamudandaulira. Ndipo naye amadya nsima. Tikamangotumizirana nyuzipepala yathunthu m'magulu a anthu mazanamazana popanda wolipira, tsiku lina tidzadzuka olembawo atatseka n'kupita kukalima. Tidzatsala ndi mphekesera zokhazokha.

Komanso musaganize kuti nkhani zakutali sizikukhudzani. Mukukumbuka nandolo mu 2017? Dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, linachepetsa mlingo wa nandolo wolowa m'dziko lawo mu August chaka chimenecho. Mtengo kuno unagwa chagada. Mavenda amene anaunjika matumba poyembekeza mtengo wa chaka chapitacho analira ching'ang'adza. Chiganizo chinapangidwa ku New Delhi, misozi inagwa ku Chigwa cha Shire ndi ku Limbe. Nanga za nyengo? Kuno tinaona madzi a January 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu January 2022, ndi Freddy mu March 2023. A zanyengo amachenjeza masiku angapo mvula yotere isanafike. Wogulitsa amene wamva msanga amasamutsira katundu kumtunda, ndipo sakweza matumba pa lole msewu wa M1 uli pafupi kuduka. Kwa ife a kuchigwa, kumva msanga nthawi zina si nkhani ya phindu lokha, ndi nkhani ya moyo.

Ndiye ndinachita chiyani? Choyamba ndinadula ziwiri. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kalata ya ku Joni ija ndinamuuza mwana wa mlongo wanga kuti aisiye, chizungu chake chinkandipweteka mutu ndipo zambiri zinali za eni ake. Ya pa imelo nayo ndinaisiya. Ndinatsala ndi imodzi yokha imene ndingathe kuimaliza. Inunso, ngati muli ndi zolembetsa zomwe zimadula ndalama zokha mwezi ukatha, khalani pansi lero muone kuti ndi zingati. Chimene simunatsegule mwezi wathunthu, chichotseni. Musachite nacho manyazi.

Chachiwiri, ndinaika nthawi yake, monga momwe timaikira nthawi ya tchalitchi kapena ya Jumu'a. M'mawa ndisanamasule thumba lililonse, ndimakhala mphindi khumi ndi kapu ya tiyi. Sindiwerenga zonse ayi. Ndimafuna zinthu zinayi: kwacha ili pati, a MERA anenapo chiyani za mtengo wa mafuta, a zanyengo akuti bwanji, ndipo misewu ndi malire zili bwanji. Nyengo yokolola ndimaonjezera mitengo yogulira mbewu imene unduna wa zamalimidwe umalengeza. Ndale, mpira ndi nkhani za m'makhoti zimadikira masana, nthawi ija msika umazizira, makasitomala atapita kukadya.

Chachitatu ndi ulendo. Kuchokera kuno kukafika ku Limbe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kudutsa pa Boma, Tengani, Bangula, Ngabu, Nchalo, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako kukwera mapiri a pa Thabwa. Kale maola onsewo ndinkangowodzera kapena kukangana ndi kondakitala. Tsopano ndimatsitsiratu nyuzi mufoni usiku, netiweki ili bwino, n'kuitchaja mokwanira. Minibasi ikamadikira kudzaza pa Nchalo, ine ndili pa tsamba lachisanu. Nkhani zitalizitali ndimazimalizira mmenemo.

Chachinayi ndicho chandikomera koposa. Ndinabwezeretsa mwambo wakale uja. Tikakumana ku banki mkhonde, tisanayambe kuponya masheya, ndimatenga mphindi zochepa kuwawerengera anzanga mitu ikuluikulu ya sabatayo, kumasulira m'Chichewa ndi m'Chisena. Amayi ogulitsa mlamba wouma wa ku dambo la Ndindi amafunsa za msewu. Ogula chitowe ndi thonje amafunsa za mitengo. Wina akabwera ndi mphekesera ya pa WhatsApp, timaiyika pambali pa zomwe zalembedwa n'kuona ngati zikugwirizana. Tsopano anzangawo amasonkhako kangachepe ka bandulo. Ndipo poti ndikudziwa kuti anthu akundidikira, sindingayerekeze kupita osawerenga. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku lina gogo wina titamaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Takhuta, mwananga." Ndinamva ngati makatoni anga aja abwerako awiri.

Amene simutha kuwerenga, kapena foni yanu ndi kaja ka mabatani, musadzione otsalira. Wailesi ilipo, ndipo nkhani zake n'zosalipira. Chachikulu n'chimodzimodzi: ikani nthawi yoti mumvere, osati kungoitsegula kuti izisokosa. Ine tsiku la tsoka lija wailesi inali m'nyumba, mabatire atatha sabata yapitayo, ine n'kumati bola ndili ndi foni yaikulu.

Mnyamata wa ku Boma uja timakumanabe. Akandiona amaseka, amvekere, "Madala, lero mwawerenga?" Ine ndimati, "Ndawerenga kale mwana iwe, ndipo mtengo wa lero ndi uwu." Amanenerera tsopano, ndipo basela ndinaleka kumupatsa.

Tsalani bwino abale anzanga, dzuwa lapendeka ndipo ndiyenera kukatenga foni kotchaja asanatseke. Tikumane pompano sabata yamawa, Mulungu akalola.