Kamera ya kaunjika, koma ulendo wake ndi wodula

Anzathu ena ojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe akuitanitsa makamera ndi malenzi ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera pa eBay, kapena ku KEH ya ku America, ndipo ine ndimawayamikira, pakuti kamera yatsopano mtengo wake ndi wosayamba. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti timalimbana ndi mtengo wa kamera, n'kuiwala za ulendo wake. A DHL sayang'ana sikelo yokha ayi. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, ndipo yankho likaposa makilogalamu enieni a katunduyo, mulipira potengera yankholo. Ndiye kalenzi kopepuka kakalowa m'chikatoni chachikulu, thumba limabooka. Pemphani wogulitsa akuuzeni kukula kwa katoni musanalipire. EMS ya ku positi mtengo wake umatsikirako koma imachedwerapo, komanso malamulo a positi salola batire la lithium loyenda palokha kunja kwa kamera. Kuno kwathu a MRA powerengera msonkho amaphatikiza mtengo wa katundu, ndalama zotumizira ndi za inshuwalansi, choncho kutumiza modula kumakwezanso msonkho. Komabe inshuwalansi ndi nambala yolondolera katundu musazisiye, chonde. Phukusi likafika tsegulani tsiku lomwelo, muunike m'kati mwa lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku chomwe chimawononga galasi, ndipo bwezani msanga masiku obwezera asanathe.