Funso la Njovu Yopanda Minyanga



Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za chilengedwe ku yunivesite, adabwera kudzapuma kuno ku Mfuwe atanyamula pepala losonyeza kuti wakhoza bwino mayeso. Tidakondwera naye ndithu. Koma madzulo ake, tili pakhonde, ndidamfunsa funso limodzi: "Mphwanga, n'chifukwa chiyani njovu zazikazi zopanda minyanga zidachuluka m'chigwa chathu cha Luangwa?"

Iye adayankha msanga: "Amalume, zidaona kuti minyanga ikuziphetsa, ndiye zidaleka kumera minyanga."

Yankho lake lidandidetsa nkhawa. Njovu siingasankhe maonekedwe a mwana wake, monganso mayi sangasankhe msinkhu wa khanda lake. Zopanda minyanga zidalipo kuyambira kale, koma zinali zowerengeka. Akatswiri adapeza kuti mu 1969 ku South Luangwa zinali pafupifupi 10 pa njovu zazikazi 100 zilizonse. Pofika 1989 zidakwana 38. M'zaka zimenezo opha nyama mozembera lamulo ankasaka za minyanga. Zopanda minyanga zambiri zidapulumuka, nkubereka ana aakazi ofanana nazo. Zoterezi zidaonekanso ku Gorongosa, m'dziko la Mozambique, itatha nkhondo ya 1977 mpaka 1992. Kumeneku ndiko kusintha kwa zamoyo kumene Charles Darwin adalongosola mu 1859: mtundu ndiwo umasintha pa mibadwo, nyama imodzi siidzisintha yokha.

Mnyamatayo adaatchula mosadodoma matanthauzo onse a m'buku, koma adalephera kuwagwiritsa ntchito pa njovu imene imadya chimanga cha amayi ake. Mayeso adayesa kuloweza kwake, luntha lake sadaliyese.

Tsono ndikupempha aphunzitsi a sukulu zapamwamba kuti azifunsa mafunso ochokera m'dziko lathu lomweli. Njovu imakumba madzi mumchenga wa mitsinje youma, ndipo minyanga imaithandiza pa ntchitoyi. Nanga za minyanga zikachepa, nyama zing'onozing'ono zimene zimamwa pa zitsimezo zidzatani m'chilimwe? Wophunzira woyankha zimenezi wamvetsa kuti zamoyo zimadalirana.

Nkhaniyi si yamasewera, pakuti ana amenewa ndiwo adzalangize mafumu athu, a Kakumbi, a Nsefu ndi a Mnkhanya, za nyama ndi minda. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi pepala la mayeso, myamikireni, kenaka mumfunse za njovu.